Diresi Lomwe Linasowa ku Mathithi

Diresi la ukwati linasowa Lachisanu pa 9 Ogasiti, pakati pa 11:20 m'mawa ndi 2:40 masana, m'minibasi yomwe inaima pamalo oimikapo magalimoto kumtunda kwa mathithi. Linali la nsalu yoyera ya mamita asanu ndi anayi, ndipo pachifuwa pake panali mikanda 1,140 yosokedwa ndi manja. Linatha masabata asanu likusokedwa. Ukwati unali mawa lake, 9 koloko m'mawa.

Anthu asanu ndi mmodzi okha ndi amene ankadziwa kuti diresilo lili m'galimotomo. Onse anali a shopu imodzi ya utelala, ndipo mpaka 3:10 masana tsikulo linali lokoma kuposa masiku onse amene anagwirira ntchito limodzi.

Ulendowo unali nzeru ya Madamu, mwini shopu. Mkwatibwi ankakhala m'katauni ka pamwamba pa phiri, makilomita 280 kuchokera kushopu. M'malo motuma munthu mmodzi pa basi, Madamu anamenya tebulo lodulirapo nsalu nati, "Titseka shopu. Tipita tonse, tikaonenso mathithi aja mumangowaona pa kalendala." Pa zaka khumi ndi chimodzi shopuyo inali isanatsekepo Lachisanu.

Ananyamuka 5:40. Katoni ya diresi anaikhazika pampando wakumbuyo ngati mlendo wolemekezeka, naimangira lamba. Pambali pake panakhala Mikanda, mayi wofatsa amene ankasoka mikanda ndi mabatani. Patsogolo pake panali a Masuti, mkulu wosoka majekete, ndi Simbi wosita zovala, amene foni sinkachoka m'manja mwake. Kutsogolo, pakati pa Madamu ndi dalaivala, kunali Tepi, mayi wodula nsalu wa shopuyo. Dzinalo anamupatsa chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake, ndipo naye ankayeza chilichonse: nsalu, nthawi, mawu a anthu. Dalaivalayo anali mlongo wake wamng'ono.

Anaimba mpaka mawu kusasa. Msewu wa tala unatha pa kilomita ya 231, kenako fumbi, kenako makona okwera phiri. Tepi anawerenga makona 23. Pa kona iliyonse Simbi ankasuzumira kuphompho n'kufuula, "Tafa ife!" A Masuti n'kumuyankha, "Ufe wekha iwe, ine ndasiya suti ya munthu yopanda manja." Makutu anatseka, mphepo inazizira. Katauniko anakadutsa 10:55: msewu umodzi, masitolo asanu ndi atatu, positi ofesi, polisi, ndi nkhungu yoyenda pakati pa nyumba ngati nayonso yabwera kudzagula zinthu. Mathithi anali makilomita asanu ndi awiri kupitirira pamenepo. Kumunsi kwake, atatsika masitepe 212, munthu sankamva ndi mawu ake omwe. Madamu, amene kuntchito mano awo sankaoneka, anavula nsapato, nalowa m'madzi akukuwa ngati mtsikana.

Katoni inatsegulidwa 3:10, m'chipinda cha nambala 4 cha nyumba yogona alendo m'katauni muja. Simbi anali atatenthetsa kale simbi yake. Anamasula kansalu komangira, nakweza chivundikiro. Munali mapepala okhaokha.

"Ayi," anatero Madamu. "Ayi, ayi, ayi. Tseka, utsegulenso."

Simbi anatsekadi natsegulanso, ngati kuti diresi limachita manyazi.

Kenako Madamu anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso awo anaima pa dalaivala, amene anali pakhomo atanyamula zikwama.

"Makiyi."

Iye anawapereka.

"Tonse tinatsika kumadzi. Watsala ndi galimoto ndi iwe. Mkwatibwi ndi mayi ake abwera kudzayesa 5 koloko. Ikakwana 5 diresi kulibe, ine ndi iwe titsetserekera kupolisi. Ndaionatu, ili pafupi ndi positi ofesi."

Pafupifupi zaka ziwiri zapitazo mlongo wa Tepiyu anachotsedwa ntchito pakampani ina yonyamula katundu, makatoni atasowa m'lole. Umboni sunapezeke, koma munthu akangoganiziridwa kamodzi, ngakhale nkhuku ya kutsidya ikasowa anthu amayang'ana iye. Anakhala pakhomo miyezi khumi ndi inayi. Pa 3 Malichi Tepi anagwada muofesi ya Madamu kumupemphera ntchito. Dzina lake likalowanso m'buku la polisi, panalibe munthu amene akanamupatsanso makiyi a galimoto, ngakhale a wilibala.

Tepi anayang'ana wotchi yake.

"Madamu, mwati 5 koloko. Pano ndi 3:15. Yotsalayi ndi yanga."

"Uchita nayo chiyani?"

"Ndiyeza."

Anayamba ndi katoni. Mapepala ofewa okulungira diresi anali atapindidwa kanayi, ngodya ndi ngodya kukumana bwinobwino. Hang'ala yokolekerapo diresilo munalibe. Simbi ananenetsa kuti kansalu komangira anakapeza kali mfundo yosavuta kumasula, yomweyo amamangira katundu kushopu, ndipo katoniyo anaipeza pampando lamba ali chimangire.

Tepi anayang'anitsitsa mapepalawo. Wakuba wa pamsewu sapinda mapepala. Samangiranso katoni lamba. Ndipo mlongo wake, chibadwire, anali asanapindepo ngakhale malaya ake omwe.

Amene anatsegula katoniyi anali telala.

* * *

Tepi anapeza mlongo wake panja atatsamira minibasi, manja m'thumba.

"Unali kuti kuyambira 11:20?"

"Ndinagona."

"Kuti?"

"Pamwala, kuseri kwa kagolosale kaja ka poimika magalimoto."

"Unakiya galimoto?"

"Ndinakiya. Koma chitseko cham'mbalicho mukuchidziwa."

Ankachidziwa. Loko wake anafa chaka chatha. Munthu ukakweza chogwirira n'kukankha ndi ntchafu, chimatseguka. Onse asanu ndi mmodzi ankadziwa zimenezi, chifukwa ndi mmene ankalowetsera mayunifolomu dalaivala akatalikira.

"Anakuona ndani uli pamwalapo?"

"Mbalame."

"Usandiseke iwe. Ukudziwa kumene ukupita 5 koloko?"

"Achemwali, ndayendetsa maola asanu ndi theka, anthu akundiimbira m'khutu nyimbo imodzi yomweyomweyo. Ndinagona. Mukufuna ndinene kuti chiyani?"

Tepi anamuyang'ana kumaso. Anamubereka kumbuyo ali khanda, ankadziwa mmene khutu lake limagwederera akamanama. Koma lero anali atavala chipewa cha ubweya chifukwa cha kuzizira, ndipo makutu onse anali m'kati.

"Usachoke pano," anatero.

"Ndipita bwanji? Makiyi ali m'chikwama cha Madamu."

* * *

A Masuti anali pakhonde, atapinda thalauza mpaka m'ntchafu, akupaka mawondo mankhwala onunkha.

"Bambo, inu simunafike kumunsi," anatero Tepi.

"Mwana wanga, mawondo awa apalasa makina zaka 44. Nditafika pa benchi ija anandiuza kuti, akulu, ife tathera pano, mathithiwo muwamvere m'makutu."

Benchiyo Tepi ankaikumbuka. Inali pa sitepe ya 60, ndipo njira yokwerera inali imodzi yokha.

"Ndiye aliyense wokwera kapena wotsika anadutsa pamaso panu."

"Aliyense! Ndipo ndaona zinthu lero. Kunadutsa bambo wina, jekete yake inasokedwa ndi mdani wake. Phewa lina kumwamba, lina likupita kumanda. Kenako mayi wina, zipi anamuikira chozondoka, ndinafuna kumuitana kuti..."

"A kwathu, bambo. A shopu yathu."

"Ukufulumira ngati makina a magetsi. Chabwino. Ndinali ndi kawailesi kanga. Nkhani za 12 koloko zitangotha, anakwera Mikanda. Anati akupita kuchimbudzi. Patapita kanthawi anakwera Simbi, akuthamanga ngati wasiya simbi pa malaya a bwana. Ameneyo sanachedwe, anatsika ndi mabotolo a zakumwa."

"Madamu?"

"Madamu akanakwera masitepe amenewo kawiri, bwenzi pano tili kuchipatala."

"Mikanda anatsika nthawi yanji?"

"Anakhalitsa. Ndinayamba kuganiza kuti m'mimba mwamuvuta mwana wa eni." A Masuti anatseka kabotolo ka mankhwala, natsitsa mawu. "Koma pali chinthu chimodzi. Jekete yake ya buluu ija ndinamusokera ndine, ndiye ndimaiyang'ana ngati mwana wanga. Potsika, manja ake anali onyowa mpaka m'zigongono."

"Tonse tinanyowa, bambo."

"Inu munanyowa kumunsi, kumene kuli madzi. Iye pokwera anali wouma. Ananyowera kumtunda."

* * *

Tepi anapeza Simbi m'khonde la kuseri, akusaka netiweki foni ili m'mwamba. Inali 3:38.

"Asisi, ine musandiyambe. Ine ndine woyera ngati kolala ya wansembe. Ndinakwera, inde, ndinakagula zakumwa, umboni ulipo, onani." Chala chake chinkathamanga pagalasi. "Apa ndili pa kagolosale, 12:27. Apa ndili ndi mayi wogulitsa, 12:28. Apa ndili ndekha koma mbali inayi, chifukwa mbali iyi ndi imene imandikhala. Apa ndili pamasitepe, 12:33. Diresi la mamita naini ndikanalibisa pati, m'botolo?"

"Minibasi unaiona?"

"Inali phee, zitseko zotseka."

"Mlongo wanga?"

"Sindinamuone. Koma sindinasuzumire kuseri, asisi, ndisaname."

"Mikanda?"

"Ayi. Bwanji? Eee! Mikanda? Uja amapepesa ngakhale singano akaigwetsa?"

"Bweretsa foniyo."

Munali zithunzi 214 za tsikulo, ndipo pa 190 mwa izo panali nkhope ya Simbi. Tepi anadumpha zonsezo. Ankafuna za gulu. Choyamba chinajambulidwa 11:48: anthu anayi kumunsi kwa mathithi, madzi akuchita utsi kumbuyo kwawo, aliyense kukamwa yasa ndi chimwemwe kupatula Mikanda, amene ankayang'ana pansi. Tepi anakumbuka tsopano kuti njira yonse mayiyu sanaimbe nawo. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Jekete ya buluu, kolala yake yopanda kanthu.

Chachiwiri chinajambulidwa 12:55. Anthu omwewo, atakhala pamwala ndi mabotolo. Anachikulitsa. Anachikulitsanso mpaka nkhope inasanduka timabokosi.

Pa kolala ya jekete ya buluu panali timadontho tofiira, tondondozana ngati asilikali. Anatiwerenga kawiri. Tinali tisanu ndi kamodzi.

"Ndi chiyani chimenecho?" anafunsa Simbi, chibwano chili paphewa pake. "Nyerere?"

Tepi anaseka. Anayesa kudziletsa koma zinakanika, kuseka kunangotuluka kokha.

Lachinayi 4 koloko madzulo, iye mwini anapinda mpendero wa diresilo n'kuugwiriza ndi mapini khumi ndi anayi, chifukwa kutalika kwa nsapato za mkwatibwi kunali kusanadziwike. Mpenderowo unkayenera kusokedwa lero poyesa. Mapiniwo anali a mitu yofiira kuti aoneke msanga pansalu yoyera. Anawagula Lachitatu, kabokosi ka mapini 100, ndipo 86 otsalawo anali m'dirowa yake yokiya, makilomita 280 kuchokera pano. Mapini ena onse a mushopu anali a mitu yachitsulo.

Ndipo dzanja la telala siliika pini pansi. Likaizula limaipititsa pakamwa kapena pa kolala, mwini wake osadziwa n'komwe. Mushopu ya Madamu zoika pakamwa zinaletsedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, tsiku limene a Masuti anayetsemula ali ndi mapini atatu pamilomo n'kupezeka awiri. Chiyambire tsikulo, dzanja la aliyense linkapita pa kolala.

"Usauze munthu," anatero Tepi, akubweza foni.

"Ine? Pakamwa panga ndi zipi, asisi." Anali atayamba kale kuyang'ana kumene kuli a Masuti.

* * *

Mikanda anali m'chipinda cha nambala 6, atakhala m'mphepete mwa bedi, manja pakati pa mawondo. Jekete ya buluu inali itayanikidwa pampando pafupi ndi zenera.

Tepi anatseka chitseko. Anatenga jeketeyo, natembenuza kolala, nayamba kuzula mapini imodziimodzi n'kumawaika pa nsalu yoyera ya pabedi.

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu."

Pofika yachinayi Mikanda anali atagwira kolala ya bulauzi yake, ngati akufuna kuona ngati palinso ena.

"Zisanu. Zisanu ndi imodzi. Ena asanu ndi atatu ali kuti?"

"Ali pa diresi," anatero Mikanda, mawu ali pansipansi. "Ndinangozula akutsogolo okha. Ndinaopa dzimbiri, achemwali. Nsalu ikanyowa pini ili pomwepo, mukudziwa."

"Inanyowa bwanji?"

"Ndinaichapa."

Nkhani inatuluka moduladula. M'mawa 5:30, akutseka katoni, anaona mkanda umodzi ukulendewera. Anatenga singano kuti aulimbitse. Panja Madamu ankaliza hutala. Singano inamubaya chala chachikulu, ndipo dontho la magazi linagwera pa mpendero wakutsogolo, laling'ono ngati njere ya mpunga, lofiira psuu. Anatseka katoni, nainyamula, nakhala nayo pambali makilomita onse aja akulingalira dontholo likuuma.

"Ndinati ndikapeza madzi ozizira lichoka. Nditakwera ndinatsegula chitseko ndi ntchafu, ndinatulutsa diresi, ndinapita pa mpope wa kuseri kwa zimbudzi. Linachoka, achemwali! Linachokeratu, mbee! Koma sindikanalibwezera m'katoni lili lonyowa. Pafupi ndi mpopewo pali kachipinda kosungiramo matsache, kali ndi msomali pakhoma. Ndinalikoleka pamenepo ndi hang'ala yake, n'kukoka chitseko."

"Nthawi yanji?"

"Ndinayang'ana foni. 12:45."

"Ndiye lili m'kachipindamo!" Tepi anali ataimirira kale. "Bwanji osanena? Tiyeni tikalitenge!"

Mikanda anapukusa mutu, misozi ikugwera pamanja.

"Pobwerera ndinatsogola dala. Ndinafika 2:10. Ndinapeza msomali wokha."

Tepi anakhalanso pansi.

"Hang'ala?"

"Nayonso kulibe."

"Ndipo unaima m'chipinda muja, mlongo wanga akulandidwa makiyi, iwe duu."

"Ndinaopa. Ndili ndi ana atatu, achemwali."

"Nayenso ali ndi awiri. Pukuta m'maso. Ukanena wekha, ndi pakamwa pakopo."

* * *

Madamu anamva nkhani yonse ataimirira, chikwama atachipana m'khwapa. A Masuti ndi Simbi anali pakhomo, akunamizira kuyang'ana nyengo.

"Magazi," anatero Madamu pomaliza. "Kadontho ka magazi. Zaka zisanu ndi zitatu uli mushopu mwanga, sukudziwa kuti magazi ako amachoka ndi malovu ako omwe? Ukanatafuna kaulusi koyera n'kupukuta, mphindi imodzi basi! Wandichapira diresi la masabata asanu pa mpope wa kuchimbudzi, n'kukalisiya ndi matsache!"

"Pepani, Madamu."

"Pepani savala pa ukwati!"

"Madamu," anatero Tepi. "Makiyi."

"Chiyani?"

"Diresi silinabedwe m'galimoto. Linatuluka ndi manja a Mikanda, ndipo linasowera m'kachipinda kosakiya komwe aliyense wopita kuchimbudzi akanatha kulowamo. Mlongo wanga nkhaniyi sikumukhudza. Makiyi ake."

Madamu anatsegula chikwama. Anatuluka onse panja, kumene dalaivala anali chitsamire minibasi.

"Mwana iwe," anatero Madamu, akuyang'ana tayala m'malo mwa nkhope yake, "ndinakuganizira zoipa. Zatha." Kwa Madamu kumeneko kunali kugwada.

Tepi anatenga makiyiwo nawaponya yekha m'mwamba. Mlongo wake anawawakha ndi dzanja limodzi. Simbi anaimba m'manja, a Masuti nakweza kabotolo kawo ka mankhwala ngati chikho cha mpira.

"Musasangalale, diresi kulibe," anatero Madamu, koma mawu awo anali atabwerera mwakale, a munthu wogawa ntchito. "Tili matelala asanu pano. Zikavuta tisoka lina, ngakhale zala zituluke matuza. Iwe, tenga galimoto uzungulire m'tauni muno. Upeze telala aliyense amene ali ndi makina, ndi sitolo iliyonse yogulitsa nsalu yoyera. Simbi, mkwatibwi akafika umuchedwetse, mujambule, muuze za mbali yake imene imamukhala. Tepi?"

"Ine ndikubwerera kumathithi. Pali geti limodzi, ndipo pagetipo pali munthu wolemba."

Minibasi inatuluka 4:05, kulowera kumasitolo. Tepi anaimitsa njinga yamoto pamsewu, nakwera chammbali, nagwira chitsulo chakumbuyo.

"Mumaopa liwiro, mayi?" anafunsa mwini njingayo, bambo wa ndevu zaimvi.

"Lero ayi."

Anauluka. Mitengo ya paini inkadutsa ngati mizere ya pansalu, mphepo ikumulira m'makutu, tepi ya m'khosi ikupepeluka kumbuyo ngati mchira. Tepi anapezeka akuimba nyimbo yomwe ija inatopetsa mlongo wake. Theka la ntchito linali litatha m'mphindi makumi asanu. Mwana wa mayi ake sagona kupolisi. Chotsala chinali diresi chabe, ndipo diresi la mamita asanu ndi anayi silidutsa pageti ngati mpango wa m'thumba.

* * *

Anafika 4:24. Mlonda wa pageti anali bambo wowonda, yunifolomu yake yositidwa mpaka mizere kuthwa. M'kanyumba kake munali buku lalikulu, rula, ndi cholembera chomangidwa ndi chingwe ku mwendo wa tebulo.

"Titseka 5 koloko, mayi. Simufika kumunsi."

"Sindikutsika, bambo. Ndabwera kudzaona buku lanu."

Nkhope ya mlondayo inawala ngati ya munthu amene wafunsidwa za mwana wake woyamba.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pano, ndinu woyamba kulifunsa. Onani. Tsiku, nambala ya galimoto, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, anthu angati. Wapansi ndimamulemba, wanjinga ndimamulemba. Mpanda wazungulira konse, kwinako ndi phompho. Ngakhale mbuzi ikalowa ndimaiika m'mphepete umu."

Tepi anamukonda munthuyu nthawi yomweyo.

"M'kachipinda ka matsache mwasowa diresi la ukwati, pakati pa 12:45 ndi 2:10. Ndikufuna aliyense amene anatuluka pageti pano nthawi imeneyo."

"M'kachipinda kanga? Diresi?" Mlondayo anavala magalasi. "Ine ndinalowamo 2:30 kukatenga tsache, munalibe diresi. Ndipo m'kati muno mwatsala banja limodzi lokha, la njinga, lopanda ndi chikwama chomwe. Ndiye linatuluka ndithu. Tiyeni tione."

Anagoneka rula patsamba, nayamba kuitsitsa mzere ndi mzere, milomo ikugwedera.

"Basi ya sukulu inatuluka 12:20, imeneyo ayi. Bambo wa jekete yopotoka ndi mkazi wake, 12:38, ayinso. Kenako... kenako zii. Lachisanu kumakhala anthu ochepa. Wapansi palibe. Wanjinga palibe." Rula inaima. "Galimoto imodzi yokha, mayi. Mwayi wanu. Wakuba wanu ndi ameneyu."

"Werengani."

"Minibasi yoyera, nambala yake yothera 417."

Kumunsi mathithi ankangolira.

"Mwalakwitsa mzere, bambo. Imeneyo ndi yathu. Inalowa 11:20, inatuluka 2:40."

"Ine sindilakwitsa mzere, n'chifukwa chake pali rula. Inalowa 11:20, zoona. Inatuluka komaliza 2:40, zoonanso. Koma ili ndi mizere iwiri." Anatembenuza bukulo kuti aone yekha. "Inatuluka 1:05. Inabweranso 1:31."

Manambala anali olembedwa bwino, opendekera mbali imodzi onse. Mphindi 26. Tepi anaziwerengera kawiri, ndipo kawiri konse zinakwana 26.

"Ankayendetsa ndani?"

"Dalaivala wanu, wa chipewa cha ubweya. Anandikwezera dzanja."

Nthawi imeneyo Tepi, Madamu, Simbi ndi Mikanda anali pamwala kumunsi, mapazi ali m'madzi. A Masuti anali pa benchi ndi kawailesi kawo. Tepi anatulutsa foni naimbira mlongo wake. Inaitana kasanu ndi kawiri, osayankhidwa. Wotchi inati 4:31.

"Simunaone danga lomaliza, mayi," anatero mlondayo, akusuntha rula pang'ono kumanja. "La anthu angati."

Tepi anawerama.

Potuluka, 1:05, m'minibasimo munali anthu awiri. Pobwera, 1:31, munali mmodzi. Mlongo wake anamunamiza: anatuluka ndi munthu amene sanali wa shopu yawo, ndipo tsopano makiyi anali m'manja mwake.